Mphaka Amene Anaswa Kusala Kwathu ku Chaisa

1

Ine sindinapondepo m'kalasi, koma maso ndili nawo, ndipo ku Chaisa kuno aliyense amawadziwa. Dzina langa ndine Mainess. Ana amati ambuya, kutchalitchi amati Amake Petros. Mwamuna wanga atamwalira ndinachoka ku Katete n'kubwera ku Lusaka kudzakhala ndi mwana wanga Petros ndi mkazi wake Exildah, Mubemba wa ku Mufulira. Nkhani iyi ndayenda nayo chaka chathunthu ngati munga m'phazi. Muimve mpaka kumapeto musanaloze munthu chala, chifukwa chala ndi chimene chinandigwetsa ine.

Ndine wamantha, sindibisa. Ndimaopa nthambo za magetsi zolendewera, madzi a m'zitsime za muno, ndi timabasi timene timathamanga ngati tikuthawa mlandu. Mpongozi wanga ndinkamuchenjeza kuyambira kukacha: usasiye mbaula m'nyumba, usaseke ndi ogulitsa makala, usapatse munthu mchere dzuwa litalowa. Iye ankangoti, "Ee mukwai, bamayo," n'kupitiriza kusesa.

Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachimbuya. Iwo amati ndife odya makoswe, ife timati ndi odya anyani, ndipo palibe amene amakwiya. Mu Julayi mng'ono wanga atanditumizira kaphukusi ka mbewa zouma pa basi, Exildah anathawira panja atatsina mphuno.

"Bamayo, vinthu ivi vili na michila! Napapata, osavifaka mu mapoto yanga."

"Iwe nyani alibe mchira?" ndinamufunsa.

Tinaseka mpaka misozi. Kumeneko kunali kuseka kwathu komaliza kwa nthawi yaitali.

2

Petros amayendetsa lole yopita ku Congo. Kumapeto kwa mwezi womwewo anawoloka malire pa Kasumbalesa, foni yake n'kuti zii. Sabata, masabata awiri, atatu. Ine ndinali nditamuika kale m'manda kanayi m'mutu mwanga: achifwamba, malungo, phompho, mkazi wa tsidya lija wodziwa mankhwala.

Mpingo wathu umatchedwa Lipenga la Gideoni, ndipo m'busa wake ndi ba Pasita Nigel, mnyamata wa nsapato zosongoka ndi mpango wopukutira thukuta paphewa. Lamlungu anatiitana kutsogolo ine ndi Exildah.

"Mpingo wonse uzasala masiku twente-wanu kuti Petros abwele!" anakuwa. "Manzi chabe mpaka 18 awazi. M'mazulo kaphala olo ndiwo zamasamba zilibe mafuta ya saladi. Nyama, nsomba, mazila, osayesa! Ndipo mvelani: mukapezeka Akani mu msasa, tizayambilanso pa wanu. Tonse!"

Akani, kwa inu osawerenga Baibulo ngati ine koma osamvetseranso ulaliki, ndi munthu uja anabisa zoletsedwa m'hema wake, mtundu wonse n'kugonja pankhondo chifukwa cha iye.

Pambuyo pake ndinawanong'oneza abusawo kuti nesi wa kukiliniki anandiletsa kukhala ndi njala chifukwa cha matenda a shuga.

"Ambuya, shuga ni dzina chabe," anatero akundisisita phewa. "Uyo nesi anafela ndani pa mtanda?"

 Zidzukulu tinazitumiza ku Kabwe kutchuthi kuti mbaula isayake masana. Tsiku lililonse dzuwa lili paliwombo amayi tinkakumana kunyumba ya mmodzi wa ife kukapemphera, mosinthanasinthana. Ndipo ba Belinda, mkulu wa amayi, anandisankha ine kukhala mlonda.

"Mphuno ya Amake Petros imamva na kapenta wa ku Mandevu," anatero. "Muziyendela manyumba."

Ntchito ndinaigwira, abale. Ndinkasuzumira m'mawindo, kukhudza mbaula ngati ndi yofunda, kuyang'ana m'nkhuti ngati muli zigoba za mazira. Tsiku lina ndinagwira ba Mwaba, gogo mnzanga Mubemba, akutafuna kuseri kwa nyumba. Ndinawayasamitsa. Linali dzino logwedera.

Kusala kwa ku Chaisa muyenera kukuona ndi maso. Palibe amene ankadzola mafuta pamilomo, kuti ing'ambike anthu aone. Ena ankayenda bwinobwino kumsika, koma akangoona denga la tchalitchi msana unkapindika. Mimba ya ba Pasita inkasala mwa njira yakeyake, moti batani lapakati la malaya awo linayamba kupempha chifundo. Koma Exildah anasala zoona. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri.

Ine amayi ankandigomera. "Onani ambuya! Zaka sevente, koma mau monga wailesi. Uyu ndiye Mzimu!"

Ndinkangoweramitsa mutu modzichepetsa.

3

Tsiku la 19 mapemphero anali kwathu. Amayi khumi ndi anayi anadzaza pabalaza, atagwada, maduku oyera kumutu. Kunatsala masiku awiri okha. Ndikhulupirira kuti theka la "Ambuye, Ambuye" amene ankamveka m'nyumbamo anali kuona nkhuku yokazinga.

Ba Belinda ali pakati pomanga mizimu ya m'malire, ndinamva kanthu kakukwekwereza pasimenti. Ndinatsegula diso limodzi, monga mlonda.

Mphaka wa eni nyumba, wakuda wa khutu lodukaduka, anali kutuluka m'khitchini chafutambuyo, akukoka nyuzipepala. Anadutsa pakati pa maondo athu ngati wolipira lendi, n'kukaimira patsogolo penipeni pa ba Belinda. Pepala linafunyuluka. Munali mbewa zisanu zopanidwa pa kamtengo, yachisanu ndi chimodzi yolumidwa theka, ndi kamchere kosakaniza tsabola pambali.

Pemphero linafa ngati wailesi magetsi akazima.

"Kiti sadyela mpilipili," anatero ba Belinda pang'onopang'ono. "Aya ni meno ya munthu."

Anapita kukhitchini, napeza pamene pepalalo linachokera: kuseri kwa thumba la makala, m'khitchini ya Exildah. M'nyumbamo tinkakhala anthu awiri okha. Maso makumi awiri ndi asanu ndi atatu anayenda kuchoka pa ine kupita pa iye, kubwereranso pa ine.

Ndinaimirira. Dzanja langa linakwera lokha.

"Amake Given!" ndinalira, kumutchula dzina la mwana wake woyamba. "Mwana wanga ali m'kamwa mwa imfa, iwe uli kuseri kwa makala kunyambita zala? Sumufuna kuti abwere?"

Exildah anandiyang'ana. Sindidzaiwala. Sanali maso a mkwiyo, anali maso a munthu amene waponda pamene ankayesa pouma n'kupeza dzenje.

"Iyayi, imani!" anadzuka ba Mwaba. "Mubemba kudya koswe? Kuyambila liti? Uyu mwana amasanza akangoviona!"

"Njala ilibe mtundu, ba Mwaba," ndinayankha msanga. "Zaka naini pa ukwati wa kwathu, lilime linatembenuka."

Amayi ena anagwedeza mitu. Munthu wanjala safufuza mlandu, amangofuna wina woti amudye.

"Kamba, Exildah," anatero ba Belinda. "Ni iwe?"

Mpongozi wanga anagwada, manja pamodzi, nayang'ana pansi. 

4

Lamlungu ba Pasita analalikira za Akani maola awiri, thukuta kamukamu. Kenako analengeza kuti masiku 19 aja apita m'madzi, tiyambiranso mawa.

Kubuula kumene kunamveka m'tchalitchimo sikunamvekepo ngakhale pamaliro. Exildah anamuvula duku loyera pamaso pa anthu n'kumukhazika pabenchi lakumbuyo, la ochimwa, pafupi ndi chitseko pamene pamalowa fumbi. Kumpopi amayi ankachotsa zidebe zawo iye akafika. Ana a m'njira anam'patsa dzina, Bana Koswe, ndiko kuti Amake Khoswe.

Lolemba kunabwera alamu anga a ku Marapodi, abambo ake aang'ono a Petros. Anamva nkhani yonse kwa ine, ndipo ndinaikonza bwino.

"Mkazi wodya mwamuna wake atasowa, mawa adzavina pamaliro ake," anagamula. "Abwerere ku Mufulira. Petros akapezeka adzaona yekha chochita."

Anagwirizana za Loweruka. Exildah anayamba kupinda zovala zake, kuchapa za ana, kulemba papepala masiku anga a kukiliniki n'kumata pakhoma, ngakhale akudziwa kuti sindiwerenga. Ine pakamwa panga sipanaleke chizolowezi.

"Pa basi usakhale kutsogolo, ngozi imayambira kumeneko. Usalandire chakudya kwa munthu wosamudziwa."

"Ee mukwai," anatero osandiyang'ana. Kenako anafunsa, "Bamayo, mankhwala mwamwa? Mwamwela chani?"

"Madzi. Ine ndikusala."

Anaima ndi bulauzi m'manja, ngati akufuna kunena kanthu. Anangoipinda.

5

Owerenga anga, apa ndiye pamene ndiyenera kulavula munga uja. Ena mwa inu mwanunkhiza kale.

Mbewa zinali zanga.

Tsiku lachitatu la kusala koyamba kuja ndinamva miyendo ikunjenjemera, maso akuchita chidima, thukuta lozizira kumsana. Ndinakumbukira mawu a nesi, ndinakumbukiranso mawu a abusa, ndipo ndinapeza kuti imfa ndimaiopa kuposa onse awiri. Kaphukusi ka ku Katete ndinali nditakabisa kuseri kwa makala, chifukwa kuchipinda kwanga ndinkaopa kuti fungo liitana makoswe enieni. Exildah atapita kukatunga madzi ndinagwada pamenepo, n'kudya imodzi, ndi kachigumu kamene ndinagula mobisa ku Mandevu kumene sandidziwa. Ndinapukuta pakamwa, ndinamanga duku, n'kupita kukanunkhiza mbaula za anzanga.

Mawa lake chimodzimodzi. Mau monga wailesi aja ankachokera kuseri kwa makala.

Koma mverani chimene chinandilimbitsa mtima. Sukulu sindinapite, koma mbewa ndimadziwa kuwerenga. Zinali khumi ndi ziwiri. Zinayenera kutha kalekale. Koma zitafika pa zisanu ndi imodzi, zinaleka kuchepa. Ndikadya ziwiri lero, mawa ndipeza zisanu ndi imodzi. Ndinagwa nkhope pansi m'khitchini muja. Ndinakumbukira mayi wamasiye wa m'Baibulo amene ufa wake sunathe m'mbiya, ndipo ndinati: inenso ndine wamasiye! Kumwamba kwaona shuga wanga, kwandipatsa chilolezo chapadera. Ndinaona ndithu kuti mbewa zozizwitsazo zinali zowawa mchere kuposa za kwathu, koma ndani angadandaule za kaphikidwe ka angelo?

Nanga bwanji ndinaloza Exildah? Mantha. Ndinaona benchi lakumbuyo. Ndinamva Chaisa yonse ikuti mlonda ndiye mbala, mayi wodya mwana wake atasowa. Mantha a imfa anandidyetsa, mantha a anthu anandinamitsa.

Pa kusala kwachiwiri ndinati ndilipe. Ndinasala zenizeni, mankhwala n'kumamwera madzi okha. Kuseri kwa makala ndinasuzumirako kamodzi. Chozizwitsa chinali chitatha.

Lachisanu, mawa lake Exildah akukwera basi, tinali kupemphera kwa ba Belinda, ba Pasita alipo. Ndinamva makutu akulira, lilime likulemera. Ndinayamba kubwebweta, n'kugwa chagada.

"Aleluya, Mzimu wawagwila!" wina anakuwa.

"Iyayi, ni chiwanda cha Akani chasamukila kuno!" anatero ba Pasita. Ndinkamva chapatali dzanja lawo likundikankha pachipumi. "Tuluka! Nakulamula, tuluka!"

Chimene chinkatuluka ndi moyo wanga.

Zotsatira anandiuza ba Mwaba, chifukwa ndi iwo amene anathamanga ndi miyendo yawo yokalamba kukaitana Exildah. Akuti analowa osagogoda, kumutu kulibe duku, m'manja kapu ya madzi a shuga.

"Iwe ndiwe woletsedwa pano!" anatero ba Belinda.

"Muzaniletsa bwino pa malilo," anayankha. Anakankha abusa ndi chigongono mpaka anakhalira Baibulo lawo, anandidzutsa mutu, n'kuyamba kundipaka madziwo m'kamwa pang'onopang'ono mpaka ndinatha kumeza. Kenako anandibereka kumsana mpaka pamsewu.

6

Ndinatsitsimuka bwino kukiliniki, botolo likudontha m'dzanja. Nesi anandikalipira ngati mwana, n'kutuluka. Tinatsala awiri.

"Amake Given," ndinayamba. "Mbewa zija..."

"Niziba, bamayo."

"Udziwa chiyani?"

"Malasha nimatapa ine tsiku lililonse. Muganiza sininaone? Ninakondwela kuti mukudya. Pamene vinayamba kusila, ninayopa kuti muzagwa monga lelo." Anapumira m'mwamba. "Katatu ninayenda ku Soweto Maketi. Ine, mwana wa ku Mufulila, kuimilila pa tebulo ya makoswe, kusankha vonenepa! Wogulitsa anati, 'Mayo, simugwila bwanji?' Ninaloza na kamtengo. Mu basi ninavifaka mu mapulasitiki yatatu."

Ndinatseka maso. Mngelo wanga wowawitsa mchere anali atakhala pampando wachitsulo, mapazi ali fumbi, tikiti ya ku Mufulira ili m'chikwama.

"Nanga unakhaliranji chete tsiku lija?"

"Kwathu sitimavula apongozi pa bantu. Ninaganiza kuti muzakamba mweka, mailo olo Sande." Apa mawu ake anauma. "Ninayembekeza. Imwe munaitana ba ku Marapodi."

Ndikanakonda akanandimenya.

"Usapite, mwana wanga. Ndikauza alamu mwakachetechete kuti panali kusamvana."

"Mwakachetechete?" Anaseka kuseka kopanda mano. "Duku munanivula mwakachetechete? Bana banga bazabwela ku Kabwe kupeza amai bao ni Bana Koswe. Tiketi nizasintha ikhale ya Mande. Pa Sande mukambe pamene paja munaniimika. Mukakangiwa, nikwela."

Masiku awiri amenewo ndinapempha Mulungu kuti anditenge, kapena agwetse denga la tchalitchi kulibe anthu. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

7

Lamlungu nthawi ya maumboni ndinadzuka.  Ba Pasita anamwetulira, akuyesa kuti ndikukathokoza chifukwa cha chiwanda chija, nandipatsa chokuzira mawu.

"Akani ndine," ndinatero. "Mbewa zinali zanga. Ndinadya kuyambira tsiku lachitatu, kenako n'kumabwera kudzanunkhiza mbaula zanu. Mwana uyo ali kumbuyoyo sanalawe kanthu. Ndinamunamizira chifukwa cha mantha."

Ndinamasula duku langa ndekha, ndinayenda kanjira konse ka pakati, n'kukaliika pamiyendo ya Exildah. Ndinagwada. Kwathu mpongozi wamkulu sagwadira wamng'ono, koma tsiku limenelo maondo anadziwa okha.

"Ninakamba ine!" anakuwa ba Mwaba, akuvina pamalo amodzi. "Ninakamba! Mubemba na koswe!"

Ndinkayembekeza miyala. Koma nditacheuka, ndinaona chinthu chodabwitsa: anthu ambiri anali kuyang'ana pansi, ena akufufuza m'mabuku a nyimbo mwakhama. Pamenepo ndinazindikira kuti ku Chaisa sikuchepa a Akani. Kumachepa amphaka.

Ba Pasita anapukuta thukuta. "Mwaichi, mpingo, monga mwa lamulo, mailo tizayambilanso pa..."

"Muyambe mweka, ba Pasita," anatero ba Belinda, osakweza ngakhale mawu. Aka kanali koyamba kuti mpingo wonse unene ameni pamodzi.

Exildah anandidzutsa. Sanandikumbatire. Anangoti, "Tiyeni mukadye, nthawi ya mankhwala yakwana." Tikiti ija anaing'amba Lachitatu, osati Lolemba. Masiku awiriwo anandisiya dala kuti ndilawe kuyembekeza.

Petros anafika sabata yotsatira, masana, atanenepa mpaka khosi kusowa. Foni anamubera, manambala athu sankawadziwa pamtima, ndipo lole inakhala pamzere kudikira mapepala pamene iye ankadya nsomba ndi chinangwa. Ba Pasita analengeza kuti kusala kwathu ndiko kunathyola maunyolo. Sindikutsutsa. Ndimangodzifunsa kuti ndi kusala kwa ndani kumene kunamveka kumwamba, pakuti m'nyumba mwathu anasala ndi munthu mmodzi yekha, yemwe tinamukhazika kufumbi.

Kuyambira tsiku lija ine ndimakhala pabenchi lakumbuyo. Anandiuza kuti ndibwerere kutsogolo, ndinakana. Kumbuyo kuno kumaoneka nsagwada za aliyense.

Tsono inu owerenga, landirani machenjezo a nkhalamba yamantha, ndi aulere. Kusala sikoipa, ndinaona ndi maso anga munthu akusala chifukwa cha chikondi, osang'ambitsa milomo kuti aonedwe. Koma ngati muli pa mankhwala, funsani nesi, ndipo idyani pakhonde, dzuwa likuwala, anthu akuona. Chakudya chodyera poyera chimangokhutitsa, chodyera kuseri kwa makala chimafuna munthu woti afere m'malo mwanu. Mukaona chozizwitsa m'khitchini mwanu, musanathokoze angelo yang'anani mapazi a amene mumakhala naye ngati ali fumbi. Ndipo akadzakusankhani kukhala mlonda wa mimba za anzanu, yambani mwanunkhiza zala zanu.

Mphaka uja ndimamupatsa mitu ya mbewa mpaka lero. M'nyumba muja munali anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi opemphera, koma woulula zoona anali iye.